Ndani Akulankhula? Za Chilankhulo m'Kanema wa Macheza, Kuchokera ku Treichville Kufika kwa Chembe

1.0 Mau Oyamba

Mudzi wa Chembe, kufupi ndi Monkey Bay m'boma la Mangochi, ndi amodzi mwa malo amene ajambulidwa kwambiri m'Malaŵi muno. Alendo amaudziŵa ndi dzina la Cape Maclear, limene David Livingstone adatcha malowo mu 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear. Chikhazikitsire boma Lake Malawi National Park mu 1980, ndiponso chiikire UNESCO pakiyo m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, anthu a makamera sanaleke kufikako. Koma munthu akaonera zimene anthuŵa amajambula, amapeza mbuna zamaŵangamaŵanga pansi pa madzi, nkhwazi ikutsomphola nsomba pafupi ndi chilumba cha Thumbi, ndi dzuŵa likuloŵa. Eni mudzi amaonekamo ndithu: msodzi akupalasa bwato, mai akutsuka mbale, ana akudumphira m'madzi. Chimene chimasoŵa ndi mau ao. Pamwamba pa zithunzi zao pamakhala nyimbo, kapena mau a munthu wosaoneka amene akufotokoza m'Chingerezi.

Pepala lino likufunsa funso limodzi: kodi kanema wofuna kuonetsa m'mene anthu wamba amasangalalira angathe kutero popanda chilankhulo chao? Ndiyesa kanema mmodzi amene adalimbana ndi funsoli mwa njira yachilendo, Moi, un noir wa Jean Rouch, pomuika pakati pa zinthu ziŵiri za kwathu kuno: makanema a boma la atsamunda, ndi nyumba zoonetsera vidiyo za masiku ano. Potsiriza ndinena chimene ife a maphunziro a zilankhulo, pamodzi ndi okonza malamulo a chilankhulo, tingatolepo.

2.0 Chimene Kamera Iyenera Kugwira

Azungu ali ndi dzina limodzi lotchulira nthaŵi imene munthu sali pa ntchito, ndipo maganizo ao pa nkhaniyi adakula pamodzi ndi belu la ku fakitale. Chicheŵa chilibe dzina limodzi lotere. Chili ndi aneni angapo: kupuma, kuseŵera, kusangalala, kuongola miyendo, kupitidwa mphepo, ndi kucheza. Mwa onseŵa wamkulu ndi kucheza. Taonani ziganizo izi:

(1) Ndikupita kukacheza kwa amalume.
(2) Tidacheza mpaka tambala woyamba.
(3) Musakwiye, ndimangocheza.
(4) Anthu adachezera gule usiku wonse.

M'chiganizo choyamba mneniyu akunena za kuyendera mbale, m'chachiŵiri, kukambirana, m'chachitatu, nthabwala, m'chachinai, kukhala maso pamodzi mpaka kucha. Matanthauzo onse anai akufuna munthu wachiŵiri. Munthu angathe kupuma yekha, koma sacheza yekha. Tsono ngati chisangalalo cha tsiku ndi tsiku cha anthu athu chagona pa macheza, ndiye kuti chagona pa chilankhulo.

Kwa Chembe zimenezi zimaoneka poyera, chifukwa kumeneko nthaŵi yopuma siilamulidwa ndi koloko ai, koma ndi mwezi ndi mphepo. Usipa amaupha ndi nyali usiku wa mdima. Mwezi ukaŵala kwambiri, kapena mwera ukalimba m'nyengo yachisanu, mabwato amakhala pamtunda ndipo asodzi amakhala pamthunzi. Ena amasoka chilimira, ena amaseŵera bawo, ndipo nkovuta kunena pamene ntchito yathera ndi pamene macheza ayambira. Pa bawo kamera imaona maenje 32 ndi manja aŵiri. Koma aliyense amene adaimapo pa bawo akudziŵa kuti theka la seŵeroli lili pakamwa pa oonerera. Nazi zitsanzo za mtundu wa mau amene munthu amamva pamalo otere:

(5) Takatani msanga, alamu, mwera usanaleke!
(6) Tsiku lija tidangoti nyali ngwee, bwato tho!

Chiganizo (5) nchipongwe ndithu, pakuti chikunena kuti mnzakeyo amachedwa kuganiza. Koma mphatikiri waulemu -ni ndi dzina lachibale alamu zasandutsa chipongwecho kukhala chololedwa. Chiganizo (6) chilibe mneni wina kupatula -ti. Nkhani yonse, ya nyali kuŵala ndi bwato kudzaza, yanyamulidwa ndi mivekero iŵiri, ndipo kukula kwa nkhaniyo kumamveka pa kutalika kwa liu ndi kukwera kwake. Wojambula amene wachotsa mau ameneŵa nkuikapo gitala watsala ndi chithunzi cha amuna ongokhala. Nchifukwa chake makanema ambiri a alendo, mosadziŵa, amaonetsa anthu a kunyanja ngati alesi.

3.0 Chilankhulo Chathu, Maganizo a Eni

Sikuti zilankhulo zathu zidachedwa kuloŵa m'kanema. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment, lotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, lidapanga makanema 35 ku Tanganyika ndi kuŵaonetsa m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland. Zithunzi zinali zopanda mau; mau ofotokoza ankaŵajambula padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuti chithunzi chimodzi chitumikire mitundu yambiri. Pambuyo pake Central African Film Unit, imene idakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury nkutha pamodzi ndi Chitaganya mu 1963, idatsata njira yofanana m'zaka zake zoyamba: galimoto inkafika pamudzi madzulo, chinsalu chinkapachikidwa, ndipo womasulira ankaima ndi chokuzira mau nkumafotokoza m'chilankhulo cha komweko zimene mzungu adalemba pa pepala.

Makanema ameneŵa ankaphunzitsa ulimi, ukhondo, kusunga ndalama ku positi ndi kukhoma msonkho. Zosangalatsa za m'tauni, monga moŵa, njuga ndi madansi, zinkaloŵamo kaŵirikaŵiri ngati msampha umene mnyamata wopusa amagweramo asanabwerere kumudzi. Chinyanja chinalipo, koma chinali chotengera chabe. Mau ake adaganizidwa m'Chingerezi ndi munthu wa mu ofesi. Munthu wa pa chinsalu sankalankhula. Ankachita kunenedwa.

Adalipo ena amene adatchera khutu. J. Clyde Mitchell, m'buku lake la 1956 lonena za gule wa kalela ku Luanshya, adaona kuti nyimbo za anyamata a m'migodi zinali m'Chibemba cha m'tauni chosakanizika ndi zilankhulo zina, ndipo kuti m'nthabwala za nyimbozo ndimo munali nkhani ya mitundu yokumana pamalo amodzi. Mu 1967 Gerhard Kubik adajambula pa filimu Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a ku Chileka amene ankaimba kwela m'miseu ya Blantyre. Koma nyimbo nzosavuta kuzigwira: zili ndi poyambira ndi pothera, ndipo oimba angathe kubwereza. Macheza sabwerezedwa.

4.0 Moi, un noir

Jean Rouch adajambula kanemayu mu 1957 ku Treichville, dera la anthu osauka mu mzinda wa Abidjan, ndipo adatuluka mu 1958. Oseŵeramo anali anyamata ochokera ku Niger amene adadza ku Ivory Coast kudzafuna ntchito, monga momwe makolo athu ankapitira ku Salisbury ndi ku Joni. Anyamataŵa adadzitcha maina a ngwazi za m'kanema: Oumarou Ganda, wonyamula matumba padoko, anali Edward G. Robinson, Petit Touré anali Eddie Constantine, wina anali Tarzan, mtsikana amene onse ankamufuna anali Dorothy Lamour. Kanemayu adagaŵidwa motsata masiku. Pali masiku a ntchito, amene adutsa mwachangu; kenaka Loŵeruka ndi Lamulungu, amene atenga malo aakulu: kusambira kunyanja, nkhonya, mabala, mpira, ndi gule wa goumbé. Lolemba likafika, Robinson wamenyedwa ndi mmalinyero wa ku Italy polimbirana mtsikana uja, m'thumba mulibe kanthu, ndipo ntchito ikumudikira.

Chachilendo cha kanemayu chidabadwa m'vuto la zipangizo. Kamera ya Rouch inali yaing'ono, yochita kupukusa ndi dzanja, yosatha kujambula ngakhale mphindi imodzi yathunthu popanda kuima, ndipo sinkagwira mau. Atalumikiza zithunzi, Rouch adakhazika Ganda patsogolo pa chinsalu nkumuuza kuti alankhule zimene zikumudzera. Zimene adalankhulazo ndizo mau a kanemayu.

Kwa wophunzira chilankhulo, chokoma chili pa mtundu wa malankhulidwe umene udatulukapo. Ganda safotokoza monga amachitira womasulira wa boma. Pena amanena za iye mwini ngati munthu wina, pomutchula dzina lakuti Robinson. Pena amati ine. Pena amapatsa moni anzake a pa chinsalu ngati ali nawo pamodzi. Pena amadandaula, kutukwana umphaŵi wake, kapena kulota ali katswiri wa nkhonya wa dziko lonse. Nthaŵi ya aneni imasinthasintha, kuchoka pa zimene zikuoneka kupita pa zimene akukumbukira ndi zimene akulakalaka. Kumapeto, akuyenda m'mbali mwa madzi, akusimba za nkhondo ya ku Indochina kumene adali msilikali wa Afalansa, ndipo thupi lake likugwa ndi kudzuka motsata nkhaniyo. Mwa Chicheŵa tinganene kuti Ganda akucheza ndi chithunzi chake. Apa Rouch adapeza chinthu choona: moyo wa Loŵeruka wa mnyamata wosauka uli ndi mbali ziŵiri, zimene akuchita ndi zimene akudziuza kuti akuchita, ndipo mbali yachiŵiriyo kamera siingaione. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa mfundo iyi Rouch adameta bwino.

Komabe pali zolakwika zitatu zimene sitingazilambalale. Choyamba, mau onseŵa ali m'Chifalansa. Anyamata a ku Niger ali ndi zilankhulo zao, Chizarma ndi Chihausa, ndipo m'misika ya Abidjan mumamveka Chidyula. Posankha Chifalansa, kanemayu adasankhanso womvera. Ganda sakulankhula kwa anzake a padoko. Akulankhula kwa Rouch, ndipo kupyolera mwa Rouch, kwa anthu a ku Paris, amene adapatsa kanemayu mphotho ya Louis Delluc mu 1958. Munthu amadandaula mosiyana pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mbale wake. Chimene tamva ndi Treichville womasuliridwa kale m'mutu mwa wolankhulayo.

Chachiŵiri, mau a Rouch mwini sadachoke. Ndiye amatsegula kanemayu, ndiye amatsegula chigawo chilichonse, ndipo ndiye adali ndi lumo lodulira filimu. Womasulira wa galimoto ya boma uja adangosunthira kumbuyo pang'ono. Ousmane Sembène, pokambirana ndi Rouch mu 1965, adadzudzula akatswiri a ku Ulaya kuti amayang'ana Aafirika monga momwe munthu amayang'anira tizilombo. Chidzudzulochi nchoŵaŵa kupitirira muyeso pa kanema uyu, koma chili ndi pogwira.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chikukhudza mutu wathu kwambiri, macheza ndi mau a anthu ambiri olankhula modukizana, koma pano tapatsidwa makamaka munthu mmodzi ali yekha m'chipinda. Pa bala timaona milomo ya anthu khumi ikugwedera, koma timamva mmodzi. Dorothy Lamour timamudziŵa kwenikweni kudzera m'zilakolako za amuna. Rouch adagwira maloto a Loŵeruka. Phokoso la Loŵeruka lidamupulumuka.

Nzosadabwitsa tsono kuti Ganda atayamba kupanga makanema ake adabwerera ku chilankhulo cha kwao. Kanema wake Le Wazzou polygame ndiye adalandira mphotho yaikulu pa chikondwerero cha FESPACO ku Ouagadougou mu 1972, patapita zaka zinai Sembène atatulutsa Mandabi m'Chiwolofu.

5.0 Nyumba ya Vidiyo

Tibwerere kunyanja. Kwa Chembe, monganso pa Monkey Bay, pa Mangochi ndi m'misika yambiri ya m'dziko muno, madzulo munthu amamva chokuzira mau chikulira kuchokera m'kanyumba kamdima kokhala ndi mabenchi. M'menemo anyamata amaonera mpira wa ku Mangalande ndi mafilimu a ku China, India, Nigeria ndi Amereka. Ambiri mwa mafilimuŵa adaikidwa mau a Chicheŵa ndi omasulira a m'matauni athu, monga momwe Derek Gaspar Mukandala, wodziŵika kuti Lufufu, adatchukira pomasulira mafilimu m'Chiswahili ku Tanzania.

Anthu ophunzira amainyoza ntchito imeneyi, amati omasulirawo sadziŵa Chingerezi, nanji Chitchaina. Kunena zoona, kumasulira liu ndi liu si cholinga chao. Womasulira amatsitsa mau a eni filimu nkuloŵetsapo ake. Amapatsa anthu a m'filimu maina a kwathu, amasandutsa mseu wa ku Hong Kong kukhala wa ku Ndirande, amalankhulira mwamuna ndi mkazi yemwe, amachenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, ndipo nkhonya ikagwa amaiperekeza ndi mvekero. Oonerera nawonso sakhala chete. Amamuyankha, amamutsutsa, ndipo maŵa lake mau ake amamveka pa bawo ndi pa thandala la usipa.

Tikayerekeza ndi zimene taona m'mwambamu, tipeza kuti njira ya Ganda, ya kucheza ndi chithunzi, ili moyo kwathu kuno, ndipo ili m'chilankhulo cha oonerera. Womasulira wa atsamunda adali ndi chilankhulo chathu koma maganizo a eni. Ganda adali ndi maganizo ake koma chilankhulo cha eni. Womasulira wa vidiyo ali nazo zonse ziŵiri. Chimene alibe ndi chithunzi cha kwao. Luso lilipo, oonerera alipo, ndipo lero kamera yogwira chithunzi ndi mau pamodzi ili m'foni ya m'thumba mwa msodzi. Shemu Joyah, m'kanema wake The Last Fishing Boat wa 2012, adaonetsa kuti mudzi wa asodzi wokumana ndi alendo oona malo uli ndi nkhani yokwanira kanema wamkulu. Koma uja ndi seŵero lolembedwa, ndipo mau ake adayamba pa pepala. Macheza osalembedwa a pagombe ndi ntchito ina.

6.0 Mbali Yathu

Apa ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife. Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board, limene lidagwira ntchito kuyambira 1972 mpaka 1995, lisanaloŵedwe m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, lidaika mtima pa kalembedwe ndi pa kukonza zolakwa za m'mabuku, m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Wailesi ya kanema idayamba m'dziko muno mu 1999, bungwelo litatha kale. Kotero mwambo umene tidalandira ndi wa cholembera chofiira, ndipo sudayesedwepo mokwanira pa mau a munthu wamoyo amene nkhope yake ikuoneka.

Malankhulidwe a kwa Chembe si a m'buku la sukulu. Ndi Chinyanja cha kunyanja, chokhala ndi maina ake a mphepo, monga mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndi maina ake a nsomba ndi a maukonde. Pagombe pamamvekanso Chiyao, pamodzi ndi maina aulemu Che ndi Abiti. Pamamveka Chitonga cha asodzi ochokera kumpoto, ndi Chingerezi chimene anyamata operekeza alendo adatola pamchenga. Munthu mmodzi angathe kudutsa m'zilankhulo zitatu m'chiganizo chimodzi, ndipo nthabwala yake ili pa kudutsako. Choopsa nchakuti wachinyamata akadzajambula zimenezi, ife tidzafika ndi cholembera chathu nkunena kuti ichi si Chicheŵa chabwino, achotse, aikepo wofotokoza wa mau osalala. Tikatero tidzakhala titakwera galimoto ya boma ija, kusiyana kwake nkwakuti pepala lidzakhala lolembedwa ku Zomba.

Ndikupereka tsono maganizo anai.

(a) Mau ojambulidwa pagombe asakonzedwe. Malamulo a kalembedwe ndi a zolembedwa. Alibe ulamuliro pa pakamwa pa msodzi.

(b) Pamene mau a kunyanja kapena a Chiyao angavute woonera wa ku Dedza kapena ku Chipata, m'munsi mwa chithunzi mulembedwe Chicheŵa cha onse. Imeneyo ndiyo ntchito yoyenera chilankhulo chokhazikitsidwa: kuolotsa munthu kuti akamve mnzake, mnzakeyo akulankhulabe. Mpofunika kuti tigwirizane za kalembedwe ka mivekero yotalikitsidwa, ndi za m'mene tingasonyezere kuti wolankhula wasintha chilankhulo.

(c) Omasulira mau a m'munsi m'Chingerezi aphunzitsidwe zimene zimatayika. Chingerezi sichisiyanitsa iwe ndi inu, ndipo alamu a m'chitsanzo (5) akachotsedwa, nthabwala imasanduka mwano.

(d) Kanema asanatuluke aonetsedwe kwa eni mau. Rouch yemweyo adaphunzira zimenezi kwa asodzi. Mu 1954 adaonetsa Asorko a ku Ayorou, m'mbali mwa mtsinje wa Niger, kanema wake wa ulenje wa mvuu, ndipo iwo adakana nyimbo zimene adaikamo, ati nyimbo zimalimbitsa mtima mvuu, ndipo pa ulenje pamafunika bata. Kuonjezera apo, m'macheza mumakhala miseche, ngongole ndi maina a anthu. Eni ake ndiwo ayenera kunena chimene chingatuluke kunja kwa mudzi.

7.0 Mau Otsiriza

Moi, un noir ndi kanema woyenera kuonetsedwa kwa ophunzira athu a zilankhulo, pakuti zokhoza zake ndi zolakwa zake zonse zagona pa funso lakuti ndani akulankhula, m'chilankhulo chanji, ndiponso kwa yani. Amene adzafune kuyesa njira yake kwa Chembe adzachita bwino kusintha zinthu ziŵiri. Pokhazika anthu patsogolo pa chinsalu kuti acheze ndi zithunzi zao, asakhazike mmodzi, koma gulu lonse la pa bawo, ndiponso padera amai a pa thandala; ndipo asaŵauze chilankhulo choti alankhule. Matepi otsala podula kanemayo asatayidwe, koma asungidwe pamodzi ndi zolemba zake, chifukwa galamala yathu yambiri idamangidwa pa ziganizo za m'mabuku ndi za m'mutu mwa olemba, ndipo malankhulidwe a anthu ambiri pamodzi, odukizana ndi oseka, sitidaŵafotokoze mokwanira. Pa ntchito imeneyi wojambula ndi wophunzira chilankhulo akufuna chinthu chimodzi, ndipo onse aŵiri ayenera kuyamba ndi kukhala chete.